Mchere wa M'phala la M'mawa

Kunja kukucha, atambala akulira, ndipo penapake mayi akuthira mchere m'phala. Mcherewo uli ndi mbiri yake: umapangidwa ndi sodium ndi chlorine.

Atomu ya sodium ili ndi maelekitironi 11: awiri mkati, 8 pakati, imodzi yokha kunja. Imodziyo ndi imene imaisowetsa mtendere, moti sodium ikagwera m'madzi imathetheka ngati yapenga. Chlorine, mpweya wapoizoni, ili ndi 17, koma kunja kwake alipo 7. Yatsala imodzi kuti akwane 8.

Zikakumana, sodium imapereka, chlorine n'kulandira. Wopereka amasanduka pozitivi, wolandira negetivi, basi n'kukokana. Walther Kossel wa ku Germany anazifotokoza mu 1916.

Kugwirana kwake si kwamasewera. Mchere wouma umasungunuka pamoto pokhapokha kutentha kukafika madigiri 801.