Chokoleti, Ubongo ndi Maganizo a Munthu

Chokoleti chimapangidwa ndi njere za mtengo wa koko, umene Amaya ndi Aaziteki a ku Mexico ndi Central America ankalima Azungu asanafike. Kumeneko chinali chakumwa cholemekezeka, cha mafumu ndi ankhondo, ndipo chinkapezeka pa miyambo ya chipembedzo. Chitafika ku Spain chinautsa mkangano pakati pa Akatolika: kodi munthu amene akusala kudya akamwa chokoleti waswa lamulo? Mu 1636 Antonio de León Pinelo anasindikiza buku lathunthu ku Madrid pa funso limeneli.

Masiku ano funso lasintha, ndipo anthu amafunsa ngati chokoleti chimanola ubongo. Komatu muzu wake ndi wakale. Katswiri wa nzeru zakuya René Descartes ankaphunzitsa kuti thupi ndi maganizo ndi zinthu ziwiri zosiyana: thupi limaoneka, limakhudzika, pamene maganizo alibe kukula kapena kulemera. Mu 1643 Elisabeth, mwana wa mfumu ya ku Bohemia, anamulembera kalata kumufunsa kuti chinthu chosakhudzika chingasunthe bwanji thupi, ndipo yankho la Descartes silinamukhutiritse. Nkhani ya chokoleti ikufunsa zomwezo chobwerera m'mbuyo: kodi chinthu chotafunidwa m'kamwa chingafike bwanji pa ganizo?

Asayansi ayankhako mbali imodzi. Mu koko muli caffeine pang'ono ndi theobromine, zimene zimachangamutsa thupi, komanso ma flavanol, amene amathandiza mitsempha kumasuka kuti magazi aziyenda bwino, ngakhale opita ku ubongo. Zimenezi zimapimika. Povuta m'pakuti kuyenda kwa magazi ndi kuganiza bwino si chinthu chimodzi.

Mu 2012 dokotala Franz Messerli analemba m'magazini ya zachipatala yotchedwa New England Journal of Medicine kuti mayiko odya chokoleti chambiri ndi amenenso ali ndi anthu ambiri opata mphoto ya Nobel, poyerekeza ndi chiwerengero cha nzika zawo. Anayerekeza mayiko 23, ndipo Switzerland inali patsogolo ponseponse. Munali nthabwala m'kalembedwe kake, koma nkhaniyo inafala ngati choonadi. Apa m'pamene David Hume, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Scotland, amathandiza. Iye ankati maso amangoona chinthu china chikutsatana ndi chinzake. Kunena kuti choyambacho ndicho chabala chachiwiricho ndi chizolowezi cha maganizo athu. Tambala amalira ndipo kunja kumacha, koma dzuwa silituluka chifukwa cha tambala. Dziko lolemera lili ndi ndalama zogulira chokoleti, lilinso ndi ndalama zomangira mayunivesite. Ndiponso Messerli sanapime zimene opata mphotowo ankadya iwo eni.

Njira yodalirika ndi kugawa anthu m'magulu mwamaere, ena n'kuwapatsa chinthucho, ena ayi. Mu 2014 ofufuza a ku Columbia University anayesa anthu 37 a zaka 50 mpaka 69. Amene ankamwa mamiligalamu 900 a ma flavanol tsiku lililonse kwa miyezi itatu anachita bwino pa mayeso ozindikira zithunzi zimene anaziona kale kuposa amene ankamwa mamiligalamu 10. Gululo linali laling'ono kwambiri. Kafukufuku wamkulu wotchedwa COSMOS-Mind, wa okalamba oposa 2,000 kwa zaka zitatu, zotsatira zake zitatuluka mu 2022 sanapeze kuti koko wathandiza kaganizidwe. Chokoleti cha m'sitolo ndiye chili kutali ndi zonsezi, pakuti kuvundika ndi kukazinga njere kumawononga ma flavanol ambiri, ndipo shuga ndi mafuta zimachuluka.

Ngakhale mayeso atakomera koko, akanangoonetsa kufulumira kwa munthu pokumbukira mawu ndi zithunzi. Kuweruza mlandu mwachilungamo, kuleza mtima ndi kusiyanitsa chabwino ndi choipa, zimene zipembedzo zambiri zimati ndiyo nzeru, sizinali m'gulu la zopimidwa m'mayeso amenewa.