Mwana wa mnzako ngwako yemwe

Mwambiwu umatha ndi mawu akuti "ukachenjera manja udya naye". Akuluakulu ankatanthauza kuti mwana wa m'mudzi si wa eni ake okha. Ukamulera bwino lero, akadzakula phindu lake lidzafikanso pakhomo pako. Ambiri amaukumbukira pa nkhani ya ana amasiye, koma ine ndimaona kuti woyenera kuumvetsa kwambiri ndi mnyamata kapena mtsikana amene wachoka ku koleji ya aphunzitsi ya Machinga, Kasungu kapena Karonga kukachita TP, ndiko kuti kukayeserera kuphunzitsa pasukulu.

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana m'sukulu anachuluka kuposa aphunzitsi. Boma limafuna ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi, koma si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi mu Sitandade 1. Wa TP mutu umamuzungulira. Sabata isanathe amakhala atagawa kale kalasi pawiri: "anzeru" a kutsogolo okweza manja, ndi "ouma mitu" a kumbuyo. Tsiku lobwera alekichala kudzamuyesa, amangoloza a kutsogolowo kuti phunziro lioneke kuti layenda.

Kholo silichita chotero. Likaona mwana wake ali duu, limafunsa kuti chavuta n'chiyani. M'kalasi namonso, mwana uja akuwodzera pakhomayo walawira kumjigo, wabwera m'mimba muli pululu, akungodikira nthawi ya phala. Kamtsikana kosayankha mafunso ku Mangochi kamalankhula Chiyawo kwawo, Chichewa cha m'buku chikukasokoneza. Wina amapsinya maso poyang'ana pabolodi, ndipo palibe amene waganizapo zomukhazika kutsogolo. Zimenezi sungazione uli chiimire ndi choko. Umayenera kugwada pambali pa mwanayo, kuona mmene wagwirira pensulo, kumutchula dzina lake m'malo mwa "iwe apo".

Sindikunena kuti n'zopepuka. Wophunzira uphunzitsi nayenso ali ndi mantha, akufuna malikisi, ndipo mwina akukhala m'kanyumba ka lendi kutali ndi kwawo. Komabe chimandipweteka n'chakuti TP imatha, iye n'kubwerera ku koleji, pamene dzina loti "mbuli" limene anapatsa mwana limatsala pasukulupo. Anzake a mwanayo amalitola n'kumamuitanira pabwalo la masewera. Mwanayo amabwereza kalasi, n'kubwerezanso, ndipo pofika Sitandade 4 makolo ake amayamba kunena kuti bola azikadyetsa mbuzi.