Mwana Akafunsa Tanthauzo la Chizindikiro

Mwana wa zaka zinayi wa m'tauni sadziwa kuwerenga, komabe zizindikiro amazidziwa. Nyali yofiira ikayaka pa maloboti, amadziwa kuti minibasi iima. Akaona jezi yofiira ndi yabuluu, amadziwa kuti uyu ndi wa Bullets, uyo ndi wa Wanderers. Agogo akamupatsa kanthu, amalandira ndi manja awiri. Palibe amene anamukhazika pansi kuti amuphunzitse zimenezi. Anayang'ana akuluakulu, naona zimene amachita akaona chizindikirocho, zimene amakondwera nazo ndi zimene amadzudzula.

M'tchalitchi namonso mwana amaphunzira chimodzimodzi. Asanayambe Tilitonse, amakhala ataona kale mmene mayi ake amatengera madzi odalitsidwa pakhomo ndi mmene bambo ake amagwadira patsogolo pa Tabernakulo. Kholo likachita chizindikiro cha mtanda mothamanga ngati likuthamangitsa ntchentche, mwana amamva kuti mtandawo ndi wopepuka. Likamayang'ana pa foni pamene wansembe akukweza Thupi la Ambuye, mwana amadziwa chimene chili chofunika kwa kholo lakelo.

Malembo Oyera akuonetsa kuti Mulungu amayembekeza kuti ana adzafunsa. Pa Yoswa mutu 4, Aisraele atawoloka Yordani, amuna khumi ndi awiri, mmodzi pa fuko lililonse, ananyamula miyala kuchokera pakati pa mtsinje, ndipo Yoswa anaiimika ku Giligala. Cholinga chake chinali chakuti ana akadzaiona adzafunse, ndipo makolo adzafotokoze kuti Mulungu anawolotsa anthu ake pouma. Pa Eksodo 12:26-27, Mose akulamulanso makolo kuti aziyankha ana pa za mwambo wa Paska. Miyala ija payokha sikanalankhula. Inkadikira kholo loti liilankhulire.

Pamene kholo lakhala chete, mwana amapeza tanthauzo kwina. Kolona yolenjekedwa pa galasi la galimoto, imene saona munthu akupemphera nayo, amaiyesa chokongoletsa kapena chithumwa choteteza ku ngozi. Madzi odalitsidwa amawayesa mankhwala. Phulusa la tsiku loyamba la Lenti amaliona ngati litsiro lofunika kupukuta anzake a kusukulu asanamuseke. Mwana wotere akakula, amasiya zizindikirozo kapena amazigwiritsa ntchito ndi mantha, osati ndi chikhulupiriro.

Mayankho ake si aatali. Madzi a pakhomo la tchalitchi amakumbutsa ubatizo. Nyali yoyaka pafupi ndi Tabernakulo ikunena kuti Yesu ali pomwepo mu Ukaristia, ndipo n'chifukwa chake Akhristu amagwada. Phulusa likunena kuti munthu adzafa, choncho atembenuke mtima. Mwana amene amagwadira agogo ake samavutika kumva chifukwa chogwadira Mulungu, bola wina amulumikizire ziwirizi.

Ntchitoyi makolo anailandira pa tsiku la ubatizo. Wansembe atalemba mtanda pa mphumi pa khanda, anaitana makolo pamodzi ndi bambo kapena mayi wa ubatizo kuti nawonso atero. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Lumen Gentium cha 1964, unatcha banja Mpingo wa panyumba, ndipo unati makolo ndiwo oyamba kulalikira chikhulupiriro kwa ana awo, ndi mawu komanso ndi chitsanzo. Akatekisti ndi aphunzitsi a Tilitonse amamanga pa maziko amene aikidwa kunyumba. M'mera mpoyamba.

Sabata ino, kholo lililonse lilembe mtanda pa mphumi pa mwana wake asanapite kusukulu, ndipo limuuze kuti iye ndi wa Khristu. Lamulungu likubwerali, banja lifike msanga ku Misa, liime pang'ono pakhomo, mwana atenge yekha madzi odalitsidwa. Ndipo akakoka chitenje cha mayi ake n'kufunsa kuti nyali ijayi ndi ya chiyani, asauzidwe kuti akhale chete basi. Anong'onezedwe yankho, chifukwa funso limenelo ndi lomwe Yoswa anaimikira miyala ku Giligala.

Ambuye adalitse mabanja onse a parishi ino.