Walira mvula walira matope

Anyamata oimba a kuno ku Nkhudzi ali ndi matenda amodzi: kusirira mikisa yaikulu. Amaonetsana zithunzi pa foni, chinthu cha mabatani mbwee, timagetsi tofiira ndi tobiriwira, nkumati achimwene a ku Joni atumiza pa basi. Ukawafunsa kuti gulu lawo lili ndi anthu angati, akuti awiri, wa gitala ndi wa kang'oma. Nanga mikisa ya mizere 16 yolowetsera mawu mudzalowetsamo ndani, ana inu? Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mikisa siyiimba. Ntchito yake ndi kulandira mawu a maiki ndi a gitala, kukweza awa, kutsitsa awo, nkuwatulutsa pamodzi. Ndipo timikisa tambiri tating'ono sitiliza sipika patokha, timafuna ampulifaya kapena sipika yokhala ndi mphamvu yakeyake m'kati. Woimba wosadziwa izi amakalandira katundu wake ku Mangochi boma akumwetulira, pofika kunyumba alumikiza, zii.

Pogula, yambani mwawerenga pakamwa ndi zoimbira. Nambala yolembedwa pa bokosi imapusitsa. Yamaha MG06X amaitcha ya mizere 6, koma polowetsa maiki ndi pawiri pokha. Behringer Xenyx 802 nayo chimodzimodzi, pawiri. Wofuna maiki anayi akwere pa yonga Yamaha MG10XU. Tsono gitala yokhala ndi waya wake ilibe vuto, koma banjo ya chigubu ndi babatoni zilibe polowetsa waya, chilichonse chimafuna maiki yakeyake. Oimba awiri, banjo ndi babatoni, amenewo ndi maiki anayi kale. Werengani timabowo ta mano atatu tolowetsa maiki, osati mabatani. Safunsa anadya phula.

Kumene ine ndimaumirira kwambiri ndi ku magetsi, chifukwa ndi kumene kuli matope a mvula yomwe anawa akulirira. Pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja palibe soketi. Ngakhale pa loji pomwe ilipo, tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, mdima nkukhala mlendo wa tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Wina aziti tidzaliza jenereta. Chabwino, koma nyimbo ya gitala youma imakoma chifukwa chakuti munthu amamva chala chikukhudza nsambo. Jenereta ikangoyamba kuguguda kuseri kwa mpanda, chokomacho chapita. Kuli bwino batire ya sola ndi inveta yaing'ono, pakuti kamikisa sikadya moto wambiri, wakudya moto ndi sipika. Kulinso zida zonga Roland Cube Street EX, zomwe ndi mikisa ndi sipika pamodzi, zoyendera mabatire 8 a AA. Kwa munthu mmodzi ndi gitala yake, chimenecho chikwanira.

Katundu wa ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano obulungira yomwe silowa m'soketi zathu za mano a makona. Imeneyo ndi nkhani yaing'ono, mphamvu ya magetsi ndi yofanana. Choopsa ndi chida chochokera ku America chopangidwira mavoti 120 okha, chimapsa tsiku lomwelo. Ndipo kachingwe ka magetsi ka mikisa kasungeni ngati chiphaso, chifukwa timikisa tambiri tili ndi adaputala yaketake, ikatayika simukaipeza pa msika wa ku Monkey Bay.

Kenako pali nyanja yeniyeniyo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba, ndipo maiki ija yomva kwambiri ya mu situdiyo, yofuna mavoti 48 kuchokera ku mikisa, imatola mphepo ndi mafunde kuposa mawu a woimba. Panja pamafunika maiki yolimba yonga Shure SM58, yomwe ikupangidwa chiyambire 1966, muiveke kasiponji. Mchenga nawo umalowa m'mabatani otsetsereka aja mpaka ayambe kukhotchola m'sipika; opotokola amapirira. Sipika ikhale kutsogolo kwa maiki, apo ayi idzaimba mluzu alendo nkutseka makutu.

Chimene chasokoneza anawa ndikuchidziwa. Anaona chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars pa Nkopola cha m'ma 2010, masipika ataunjikidwa kutalika kuposa munthu, nkuganiza kuti kuimba ndi kumeneko. Zida zimene zija zinali za khamu la anthu zikwi. Madzulo a pa loji ku Cape Maclear kapena phwando la ukwati pakhomo ndi nkhani ina. Allan Namoko anagwedeza dziko lino ndi banjo. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, atatchukanso mu 2020 anthu anatsata mawu awo. A Madalitso Band anachoka m'misewu ya ku Lilongwe mpaka kukaimba ku Ulaya ali awiri, babatoni, gitala ndi kang'oma koponda ndi chidendene. Kamikisa kabwino kangothandiza wokhala kumbuyo kumva zomwe wokhala kutsogolo akumva. Koma anyamata athu akapeza batani la eko amalipotokola mpaka kumapeto, mawu a Chiyao kapena Chichewa osamvekanso, voliyumu ili pa moto wofiira. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, sipika nayonso.

Ngati mukukagula nokha ku Limbe kapena ku Lilongwe, nyamulani gitala ndi maiki yanu. Wogulitsa asakuyesereni ndi nyimbo ya pa foni. Lowetsani maiki pa bowo lililonse, potokolani batani lililonse mukumvetsera ngati likukanda, ndipo ndalama ina mutsaze ya zingwe ziwiri zapadera ndi kachikwama kotseka bwino.