Kodi Malo a Tonse ndi Malo Omwerapo Mowa?

Amayi anzanga, m'madera ambiri muli mkangano umene sukutha. Kodi nkoyenera kulola anthu kumwera mowa pa msika, pa depoti ya mabasi, pa bwalo la mpira kapena pa bwalo la sukulu nthawi ya tchuthi? Nkhaniyi ikafika pa bwalo la amfumu kapena ku komiti ya msika, ife amayi nthawi zambiri timangokhala chete, pamene ndife amene timadutsa m'malo amenewa tsiku ndi tsiku, mwana ali kumsana.

Tiyambe ndi kumva mbali ya amene akuti aloledwe, chifukwa si onse amene ali opanda nzeru. Iwo amati munthu amene wakwanitsa zaka 18 lamulo limamulola kugula mowa, ndipo msika ndi wakenso popeza naye amalipira chiphaso. Amatinso mukamuthamangitsa pagulu adzakamwera m'nyumba, kumene akayamba nkhanza palibe womuleretsa. Palinso amayi, ena mwa iwo amasiye, amene aphunzitsa ana ndi ndalama za masese ndi kachasu. Tisawanyoze, pakuti umphawi sunawapatse njira zambiri.

Komabe pali funso limene mbali imeneyi siyankha. Malo a tonse amasiyana ndi bala chifukwa munthu sasankha kupitako. Amene sakufuna kuona anthu oledzera angathe kuilambalala bala, koma sangalambalale depoti ngati akupita ndi wodwala ku chipatala, ndipo mtsikana wotumidwa tomato sangalambalale msika. Choncho munthu akamwera pamalo otere, amakakamiza aliyense wodutsa kulandira zotsatira za kumwa kwake: kutukwana, kukodza paliponse, mabotolo osweka, ndiponso kugwiragwira atsikana. Ufulu umene mtengo wake amalipira ndi anthu ena, makamaka ofooka, tiyenera kuufunsa mafunso. Nchifukwa chake chiphaso chogulitsira mowa chimene khonsolo imapereka chimatchula malo ake enieni.

Dziko lathu lidaona kale zimene zimachitika mowa ukatuluka m'malo ake. Tonse tikukumbukira masacheti, timapepala tapulasitiki ta mowa waukali timene tinkagulidwa ndi ndalama yochepa ndi kubisidwa m'thumba. Mowa udalowa m'minibasi, m'misika, ngakhale m'zikwama za ana a sukulu. Dziko la Zambia lidaletsa mowa wotere, umene kumeneko ankautcha tujilijili, m'chaka cha 2012, ndipo Malawi adaletsa masacheti mu 2015. Mu 2017 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Koma mowa womwewo udabwereranso m'timabotolo, ndipo izi zikutiphunzitsa kuti lamulo lolembedwa ku Lilongwe siligwira ntchito ngati anthu a pamalopo sakuliyang'anira.

Ndilankhuleko ngati munthu amene adagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri. Mowa umalowa m'magazi patangopita mphindi zochepa, makamaka m'mimba mukakhala mulibe chakudya, pamene chiwindi chimauchotsa pang'onopang'ono, pafupifupi kabotolo kamodzi ka mowa wamba pa ola. Khofi, madzi ozizira kapena kusamba sizifulumizitsa ntchito imeneyi. Choyamba kufooka ndi nzeru zodziletsa, pambuyo pake maso ndi miyendo. Ndiye chifukwa chake dalaivala kapena wakabaza amene wamwera pa depoti amadziona ngati ali bwinobwino pamene sali bwino. Usiku wa kumapeto kwa mwezi, amene tinkasoka mabala awo nthawi zambiri sanali omwa okha. Analiponso akazi awo, okwera nawo galimoto, ndi oyenda pansi amene sadalawe ngakhale dontho.

Ku South Africa, boma litaletsa kugulitsa mowa ndi kuyenda usiku kumapeto kwa 2020 chifukwa cha Covid-19, chipatala chachikulu cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chidalengeza kuti pa 1 Januwale 2021 chipinda chake cholandirira ovulala kwambiri chinalibe wodwala, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa tsiku la chaka chatsopano. Ku London, kumene anthu amamwa mowa momasuka, kumwera m'mabasi ndi m'sitima zapansi pa nthaka kudaletsedwa mu 2008. Iwo sadatseke mabala. Adangonena kuti pamene anthu onse athithikana, mowa udikire.

Maganizo anga ndi amenewonso. Sitikupempha kuti mowa uthe m'dziko, pakuti kuletsa kotheratu kumangoubisa, ndipo mowa wobisika ndi umene umasakanizidwa ndi zinthu zoopsa. Tikupempha malire a malo ndi nthawi. Pa bwalo la sukulu, pa chipatala, pa mjigo ndi pa depoti pasakhale mowa konse, ngakhale malowo abwerekedwe pa ukwati kapena pa msonkhano. Kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo mwana amene Lolemba m'mawa akutola mabotolo pakhomo la kalasi waphunzira kale phunziro limene mphunzitsi sangalifufute. Pa msika, ogulitsa mowa apatsidwe mbali yawo yotchingidwa, yokhala ndi chimbudzi ndi nthawi yotsekera, ndipo mwana asatumidweko.

Kwa amayi anzathu ofulula mowa, tisapite ndi chala choloza. Tiwaitanire ku banki mkhonde ndi ku magulu athu osoka ndi ophika, kuti amene akufuna kusiya apeze pogwira. Kumuuza munthu kuti aleke chimene chikudyetsa ana ake osamuonetsa china ndi kumusenzetsa katundu amene ife sitingamunyamule.

Tsono m'magulu athu tikambirane zinthu zitatu. Ndi malo ati m'dera lathu amene ana amadutsamo tsiku lililonse? Ndani amene ali ndi mphamvu pa malowo, amfumu, khansala, komiti ya sukulu kapena ya msika? Nanga ndi amayi ati awiri kapena atatu amene tiwatume kukalankhula msonkhano ukaitanidwa? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikapanda kupita, nkhani idzagamulidwa ndi amene afika, ndipo ife tidzangomva zotsatira zake.