Kodi Malipilo Ndiwo Muyeso wa Nchito?

Mukafunsa acinyamata anzathu nchito imene amaikhumba, ambili amachula ya kuyendetsa ndeke, ati kumeneko ndiko kuli ndalama. Nzoona, kaputeni wa ndeke yaikulu amalandila zambili kupambana mphunzitsi kapena nasi. Kodi zimenezi ncilungamo?

Tisafulumile kuweluza. Munthu asanakhale kaputeni wa ndeke yaikulu yonyamula anthu, ayenela kukwanitsa maola 1,500 ali m'mwamba, ndipo ambili amadzilipilila okha maphunzilo odula kwambili. Caka ciliconse dokotala amamupima maso ndi mtima. Akapezeka ndi vuto lalikulu, nchito yathela pomwepo, ngakhale ana ali pa sukulu. Akafika zaka 65, lamulo limamuletsa kuyendetsa ndeke zopita ku maiko ena.

Koma nasi amene acezela usiku m'cipatala nayenso wanyamula miyoyo ya anthu. Kusiyana nkwakuti odwala amafa mmodzimmodzi, mwakacetecete, pamene ndeke ikagwa dziko lonse limamva. Ine ndiona ngati timalipila kwambili wotiteteza ku cimene timaopa, nkuiwala wotithandiza tsiku ndi tsiku.

Pa 15 January 2009, Kaputeni Chesley Sullenberger anatsitsila ndeke pa mtsinje wa Hudson ku New York, mbalame zitaononga mainjini onse awili. Anthu onse 155 anapulumuka. Mwezi wotsatila, iye anauza aphungu a nyumba ya malamulo ya America kuti malipilo ake anali atadulidwa ndi 40 peresenti. Nanga tsiku lija pa mtsinje, kodi luso lake linali lodulidwanso?