Dzina Limene Silidawerengedwe pa Maliro

Pa maliro a bambo anga, mkulu woimira banja adaimirira ndi kope m'manja nayamba kuwerenga chipepeso. Adatchula amene adapereka thumba la ufa, amene adabwereketsa galimoto, ndi ine amene ndidagula bokosi. Dzina la mlongo wanga silidamveke.

Chonsecho iyeyo ndiye adakhala miyezi iwiri kuchipatala ngati gadiyani, kugona pansi pambali pa bedi la wodwala. Kuchapa ndi kuphika tingathe kuika pamtengo, pakuti wantchito amalipidwa pa zimenezo. Koma padali ntchito ina yopanda dzina. Adokotala ataona kuti chiyembekezo chatha, adauza iyeyo. Adapita kuseri, nalira, nasukusula, nabwerera kukaseka ndi bambo. Madzulo adandiimbira foni: "Achimwene, musade nkhawa, koma mukapeza mpata bwerani." Adatafuna chowawa kuti ife timeze chofewa.

Usiku wa maliro amunafe tidali panja kuotha moto, tikukamba za mpira ndi mtengo wa feteleza. M'nyumba ya siwa amayi adachezera kuimba, kugwiriziza mayi athu, kuona amene sadadye, ndi kukhazika mtima pansi azakhali awiri omwe sankamwerana madzi.

Ena adzati chimenechi ndi chikondi, ndipo chikondi sichigulitsidwa pamsika. Ndivomera. Ndikadatulutsa ndalama kuti ndimulipire, mlongo wanga akadakhumudwa. Koma kodi mphatso imene munthu saloledwa kukana kupereka ikadali mphatso? Ine ndikadapanda kufika kuchipatala, anthu akadati ntchito yandipanikiza. Iye akadapanda kupita, akadamutcha wouma mtima.

Enanso amati akazi adabadwa ndi mtima wotero. Ngati n'chibadwa, nanga anankungwi amavutikiranji kuphunzitsa mtsikana kuti banja ndi kupirira? Nanga mnyamata timamuuziranji kuti mwamuna salira? Misozi imene mwamuna waletsedwa kukhetsa siuma yokha ayi. Imasanduka mkwiyo, mowa kapena kusalankhula, ndipo woyamba kukumana nazo ndi mkazi wa m'nyumbamo.

Chaka chilichonse pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, timawagulira amayi chitenje. Chitenje n'chabwino, koma sichitula katundu pamutu. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, tsono ife denga la chisoni cha banja lonse tidalisenzetsa mutu umodzi, kenaka n'kumauyamikira kuti ngolimba.

Patatha mwezi ndidapita kwa mlongo wanga. "Achemwali, nanga inuyo muli bwanji?" ndidafunsa. Adandiyang'ana nthawi yaitali ngati ndalankhula chinenero chachilendo, kenaka adagwetsa misozi. Tsiku limenelo ndi limene adalira bambo ake. Masiku onse aja ankatonthoza ife. Ndidakhala naye pamkekapo mpaka dzuwa kulowa, wosadziwa chonena, ndikuphunzira ndi imvi kumutu ntchito imene iye adaiyamba ali kamtsikana.